Amuna Anga Anachotsa Zitseko

Tsiku limene amuna anga anachotsa chitseko cha kubafa ndi limene ndinatumiza uthenga kwa alamu anga kuti abwere, zinthu zafika pena. Zitseko zinazo ndinapirira. Cha kuchipinda chogona chitachoka ndinangopachikapo nsalu, paja ndine telala, nsalu sizindisowa. Cha kukhitchini chitatsatira ndinati chabwino, utsi uzituluka msanga. Koma cha kubafa? Ndinatuluka m'kachipinda kanga kosokeramo ndi diresi la kasitomala paphewa, n'kupeza munthu wamkulu, wa imvi zake, atagwada pansi akumasula mahinjesi mofatsa ngati ndi ntchito imene anaiphunzira kusukulu.

"Bambo, nanga tizisamba bwanji?"

"Muziimba nyimbo, mayi. Tikamva nyimbo tizidziwa kuti muli momo."

Anatero akuseka. Ndikuuzeni zoona, kusekako kunandiopsa kuposa chitsekocho.

Kuti mundimvetse, muyenera kuwadziwa amuna anga mmene analili chivomezi chisanabwere. Msewu wonse unkawatchula kuti a Makiyi. Ankayang'anira nyumba yosungiramo katundu pa kampani ina yogulitsa simenti, utoto ndi mapaipi, ndipo makiyi onse a pamalopo ankalendewera palamba wawo. Akamakhota pakona poweruka, ana a mumsewu ankatola mpira wawo n'kuima pambali. Kunyumba kunalinso chimodzimodzi. Kabati ya shuga inali ndi loko, bokosi la zipangizo loko, ngakhale wailesi ankaitsekera akamachoka. Ine ndinaphunzira kudziwa tsiku lawo ndi khutu. Makiyi akamalira pang'onopang'ono ndiye kuti kuli bata, akamalira mofulumira ndinkauza mwana wathu wamkazi kuti akakhale kuchipinda. Sanandimenyepo, ayi, ndisawanamizire. Ankangolowa m'nyumba, ife tonse mawu n'kutha.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chivomezicho chinabwera tsiku lina dzuwa litapendeka, ine ndili pamakina ndikuika zipi pa siketi ya sukulu. Poyamba ndinaganiza kuti mwendo wa makina wamasuka. Kenako chitini cha mabatani chinagwa chokha pashelefu, mabatani mbwee pansi ponse, ndipo ndinangozindikira ndili pakati pa msewu, wopanda nsapato, sizasi ili m'manja, aliyense akukuwa dzina la mwana wake. Nyumba yathu inangong'aluka pang'ono pamwamba pa windo.

Amuna anga ndi amene chinawapeza poipa. Anali ndi kachitidwe kawo poweruka kamene ankakanyadira kwambiri. Ankakiya chitseko chachikulu chachitsulo ali mkati pamodzi ndi antchito onse, n'kumasecha zikwama mmodzimmodzi. Akamaliza wina ankatsegula, kumutulutsa, n'kukiyanso. Ankati n'chifukwa chake pamalopo sipanasowepo ngakhale msomali. Tsikulo anali atatsala ndi munthu mmodzi, wonyamula katundu amene anzake ankamutcha Wamtali. Mashelefu anawagwera onse awiri. Anthu anathamangira kuchitseko kuti awathandize, koma chitseko chokiya, ndipo kiyi ali palamba wa munthu amene wapanikizidwa ndi zitini za utoto mkati momwemo. Pamene ankapeza makina odulira chitsulo n'kulowa, Wamtali anali atatisiya. Amuna anga anatuluka ndi mwendo wothyoka.

Mwendo unapola, ngakhale unatsala wotsimphina. Zina zonse n'zimene zinandisokoneza mutu.

Zinayamba ndi tiyi. M'mawa woyamba atatuluka m'chipatala ndinawapatsa kapu, iwo n'kunena kuti zikomo, mayi. Ndinacheuka kuona ngati kwalowa mlendo. Kenako anamasula maloko onse a m'nyumba n'kuwaponya m'katoni. Anayamba kutsuka mbale, moipa ndithu, mafuta onse n'kutsala, moti ndinkachita kudikira atuluke kuti nditsukenso. Masana ena anakoka mpando n'kukhala pambali pa makina anga. Ndinadikira kuti anene chimene ndalakwa. Iwo anatenga singano ndi ulusi n'kundilowetsera.

"Ndaona mumayesa kangapo osalowa," anatero. "Maso ayamba kuvuta eti?"

Maso anga anayamba kuvuta kalekale, ndipo palibe amene anali atazindikira. Sindinadziwe ngati ndithokoze, ndilire kapena ndiitane anthu. Ndinangopalasa makina, mzere n'kukhota.

Mwana wathu, amene anakwatiwa ndipo amakhala kutali, anandiimbira foni akunong'ona ngati bambo ake ali kumbuyo kwake. "Amayi, adadi madokotala anawapeza ndi chiyani? Musandibisire. Andiimbira okha, andifunsa ngati ndikusangalala pabanja panga. Ndayamba kuyankha, ndipo amvetsera mpaka ndamaliza. Amayi, akufa?"

Ndinafika powayesa amuna anga. Tsiku lina ndinasiya dala simbi pa malaya awo abwino mpaka panatuluka chibanga pamsana. Kale zimenezi zikanatseka pakamwa pa nyumba yonse kwa sabata yathunthu. Ndinawaonetsa mtima ukugunda, komanso ndikufunitsitsa kuti aphulike, ndidziwe kuti ndi iwo ndithu. Anayang'ana malayawo n'kundifunsa ngati sindinapse dzanja. Ndinapita kukhitchini kukatukwana mapoto.

Zikanakhala zokhazo bwenzi nditangoti Mulungu wamva kulira kwanga. Koma panali zinanso. Lole ikadutsa mumsewu magalasi n'kunjenjemera, amuna anga ankasiya kutafuna, thukuta kamukamu, maso ali pakhoma. M'chipinda chotseka sankatha kukhalamo, n'kumene kunachokera kuchotsa zitseko kuja. Cha pakhomo chokha ndinachimenyera nkhondo mpaka chinatsala, ngakhale masana onse chinkakhala chotsegula, chotchingidwa ndi njerwa. Kuntchito anakabweza makiyi n'kupempha kuti aziima panja kulozera malole poima. Munthu amene kampani yonse inkamuopa tsopano ankavala chijekete chonyezimira n'kumakuwa kuti bwera, bwera, ima. Ndipo Loweruka lililonse ankavala malaya oyera n'kupita kwa mkazi wa Wamtali.

Makasitomala anga nawo anayamba kuona. Mayi wina wodzayesa diresi anafunsa kosinthira, ine n'kumulozera nsalu yopachika. "Atelala, kodi akuba anakuberani zitseko zokhazokha?" Ndinaseka naye, koma ndinadziwa kuti nkhani yatuluka kale, yoti a Makiyi mutu sukugwira.

Alamu anga, achimwene awo aakulu, amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo ntchitoyo inawalowa m'magazi: aliyense amamuona ngati watsala pang'ono kugunda mtengo. Anafika amuna anga ali kuntchito. Anayendera nyumba yonse manja ali kumbuyo, anaima pakhomo la bafa, anapukusa mutu.

"Mlamu, uyu si mng'ono wanga," anatero atakhala pansi. "Uyu ndamulera ine. Chibadwire sanasekepo nthabwala yanga. Dzana waseka mpaka kugwira m'mimba, nthabwala yake yakalekale, yosakoma n'komwe. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Munthu akayamba kutaya zinthu zake, kupepesa anthu, kuimbira ana foni, kumeneko ndi kutsanzika. Inu simukuona kumene akulowera?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa nanenso ndinali nditaganizapo zomwezo.

"Ndiye titani, alamu?"

"Kuchipatala chachikulu kuli mbali ya odwala maganizo. Akamusunge kwa kanthawi, alandire mankhwala, mutu ubwerere m'malo mwake. Timuuza kuti tikukaonetsa mwendo. Koma madokotala samvera ine, amamvera mkazi wa munthu. Mukanena kuti simungathe kukhala naye m'nyumba, amugoneka. Mukayamba chifundo chanu chija tibwerera naye, ndipo chikadzachitika musadzandiitane."

Ndinavomera, ndipo tinapangana Lachiwiri. Galimoto yawo isanakhote n'komwe pakona ndinali nditakana mumtima. Pamene ndinkaika mpunga pamoto ndinali nditavomeranso.

Loweruka limenelo ndinawatsatira amuna anga. Ndisaname, ndinkafuna ndikawapeze ndi chibwenzi. Chibwenzi ndi chinthu chomveka, mkazi aliyense amadziwa pogwira. Nyumba ya mkazi wa Wamtali inali kuseri kwa malo omatira matayala, ya chipinda chimodzi, zovala za ana zili pachingwe. Amuna anga anali atakhala pa sitepe yafumbi ndi malaya awo oyera aja. Mayiyo anali pampando pakhomo akusankha mpunga m'thireyi, osawayang'ana. Sanawapatse mpando kapena madzi akumwa. Ine ndinaima kuseri kwa mulu wa matayala ngati wakuba.

"Yambirani pamene bambo a ana anga anakufunsani za kunja, muli pansi pa mashelefu paja," anatero mayiyo kwa amuna anga.

"Anafunsa ngati kunja kukuwalabe. Ndinati sindikudziwa. Anati ngati kwayamba kuda ndiye kuti mwana wanga wamng'ono uja wayamba kulira, amalira akapanda kumva belu la njinga yanga. Kenako anandifunsa ngati mwendo ukundipweteka kwambiri. Iyeyo, kundifunsa ine."

"Kenako?"

"Kenako anaseka. Anati bwana, chikwama changa simunamalize kusecha."

Mayiyo anapitiriza kusankha mpunga, misozi ikugwera m'thireyi momwemo. Atakweza maso anandiona, paja matayala sangabise munthu wa thupi ngati langa. Anandikodola.

"Ndinu akazi awo? Mtima pansi, mayi, palibe chimene ndikukuberani. Ine sindinawakhululukire, ndipo akudziwa. Ulendo woyamba ndinawathira madzi otsukira mbale. Koma mawu omaliza a bambo a ana anga ali ndi iwowa, kulibenso kwina kokawatenga. Ndiye amabwera, amandiuza, amapita."

Pobwerera ndinayenda limodzi ndi amuna anga. Sanandifunse kuti ndimafuna chiyani kumeneko. Ndinapita ndi funso limodzi, ndinabwerako ndi mtolo. Wamisala angachite zimenezi? Nanga wabwinobwino angachite zimenezi, kukatokosa bala lake sabata ndi sabata? Ndinawamvera chisoni, inde, mayi uja ndinamumveranso chisoni. Koma pansi pa chisonicho panali kanthu kena kotentha kamene sindinkakadziwa dzina, ndipo kankakula nthawi iliyonse imene amuna anga andichitira chabwino.

Lolemba ndinawalongedzera kachikwama mobisa: malaya, thaulo, mswachi. Ndinapeza batani la pijama latsala pang'ono kuthothoka, ndinakhala pansi kulisokerera, uku ndikudzifunsa kuti ndi mkazi wamtundu wanji amene amasokera mwamuna batani pomupititsa kokamutsekera. Ndinakhuthula chikwamacho pabedi. Kenako ndinalongedzanso n'kuchibisa pansi pa nsalu za makasitomala.

Lachiwiri m'mawa alamu anafika, ndipo chikwama chija chinalowa kumbuyo kwa galimoto amuna anga akumanga nsapato. Iwo anakhala kutsogolo, windo lotsegula mpaka pansi. Alamu ankayendetsa ngati anyamula mazira, uku akulankhula za mwendo, mwendo, mwendo, moti ngakhale wogontha akanadziwa kuti pali bodza. Titalowa m'chipatala tinadutsa khomo la kumafupa osaima. Amuna anga analiyang'ana khomolo, kenako anandiyang'ana ine. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Tinakhala pabenchi m'khonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera. Kumapeto kwake kunali chitseko chachitsulo cha kawindo kakang'ono. Wantchito wina anatulukamo ndi ndowa, anatembenuka, n'kukiya. Ndinamva benchi ikunjenjemera n'kuyesa kuti chivomezi chabweranso, koma silinali dziko, linali bondo la amuna anga. Alamu atapita kukafunsa za mzere, iwo analankhula osandiyang'ana.

"Mayi, ndadziwa, ndipo sindikukukwiyirani. Mutu wangawu nanenso sindikuumvetsa. Masiku ena ndimadzuka thupi lili lopepuka, mtengo wa pakona uja ndimauona ngati sindinauonepo. Kenako ndimakumbuka kuti munthu anafa chifukwa cha kiyi wanga, ndiye ndimadzifunsa kuti ndikupepukidwa ndi chiyani, si misala imeneyi? Ngati mukuona kuti ndilowe umo, ndilowa. Koma munene ndinu, osati achimwene."

Ndikanakonda akanandikalipira. Akakalipa ndinkadziwa pobisala.

Adokotala anali mayi wa msinkhu wa mwana wathu, wooneka wotopa, cholembera chili m'tsitsi. Amuna anga atapempha, anasiya chitseko cha ofesi chotsegula. Alamu anayambira pa zitseko, anapita ku chijekete chonyezimira, anafika kwa mkazi wamasiye, n'kumalizira ndi nthabwala yosakoma ija. Adokotala anafunsa amuna anga mafunso ambiri, ngati amagona, ngati amadya, ngati anaganizapo zodzichotsera moyo. Iwo anayankha zonse mosabisa. Pa lomalizalo anati ayi, ndili ndi zambiri zoti ndikonze. Kenako adokotala anatembenukira kwa ine.

"Mayi, mantha a zitseko ndi malole tingathe kuwathandiza akuchokera kunyumba, azibwera tizicheza nawo. Kuwagoneka kuno n'kotheka ngati inu mukuona kuti m'nyumba simuli bwino. Inu mwaona chiyani?"

Alamu anandiponda phazi ngati mmene amapondera buleki wophunzira akasochera.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene tinapangana. "Amathokoza tiyi," ndinatero. "Amatsuka mbale. Amandilowetsera ulusi pasingano. Amafunsa mwana wathu ngati akusa..." Ndinaima, chifukwa ndinadzimva ndekha zimene ndikunena. Kanthu kotentha kaja kanakwera kuchoka pachifuwa mpaka pakhosi, ndipo ndinapezeka ndatembenukira kwa amuna anga, adokotala ndawaiwala.

"Ndiye kuti mumatha."

"Mayi?"

"Mumatha! Zaka zonsezi mumatha! Ine ndinkauza mwana kuti bambo ako ndi mmene anabadwira, sangachitire mwina, tiwapirire. Ndinkauza mayi anga zomwezo mpaka analowa m'manda akundimvera chisoni. Ndinkadziuza ndekha ndili pamakina kuti munthu sakwiyira mwala chifukwa chouma. Lero ndikuoneni mukuseka? Pakamwa pomwepo, manja omwewo? Kuti muthokoze kapu ya tiyi panafunika dziko ligwedezeke, munthu afe? Misozi yanga inali yochepa? Ya mwana wanu inali yochepa?"

Anthu a m'khonde anayamba kusuzumira pakhomo. Alamu anangoti kukamwa yasa. Amuna anga anaika manja pamaondo, ndipo bondo lija linali litasiya kunjenjemera.

"Sindinkadziwa kuti ndimatha," anatero. "Koma zimenezo sizikubwezerani kanthu. Mukunena zoona, mayi."

Adokotala anadikira pang'ono, kenako anafunsa motsitsa mawu. "Mayi, funso langa ndi limodzi. Mumawaopa?"

Ndinafufuza mumtima pamalo pamene mantha ankakhala nthawi zonse. Ndinapezapo mkwiyo wokhawokha, wambiri, wokwanira nyumba yonse, koma mantha panalibe. Zimenezo zinandidabwitsa kuposa zina zonse za chaka chimenecho.

"Ndinkawaopa kale," ndinatero. "Pano ayi. Sagona kuno. Ndikupita nawo kunyumba, ndili nawo mawu."

"Mlamu, taganizani bwino," anatero alamu.

"Alamu, zikomo chifukwa cha galimoto. Ife tikwera basi."

Adokotala anawauza amuna anga tsiku lodzabweranso, n'kuonjeza kuti nanenso ndikafuna ndidzabwere nawo. Titangotuluka pageti ndinayamba kuwakumbutsa zonse, kuyambira pa chaka choyamba cha ukwati wathu, tsiku limene anandiimika panja mvula ikugwa chifukwa ndinachedwa kwa mayi anga akudwala. Ndinalankhula mokweza, pamsewu, ogulitsa zipatso akutiyang'ana, ine amene ndinkanong'ona m'nyumba mwanga momwe. Sindinkadziwa ngati ndikuthetsa banja kapena ndikuliyamba kumene. Iwo ankatsimphina pambuyo panga akungoti eya, ndikukumbuka, pitirizani. Pofika pamphambano ndinazindikira kuti ndawasiya kutali, mwendo uja sulola liwiro. Ndinaima pamthunzi wa chikwangwani n'kuwadikira, chifukwa ndinali ndisanafike n'komwe pa chaka chimene mwana wathu anabadwa.